Ketulo Yosatsuka

Nkhani iyi anandiuza ndi mmisiri wina wokhoma ndowa, amene ndinakhala naye pamthunzi tsiku lina basi itatifera panjira. Ine m'kuyenda kwangaku ndaona kuti anthu amamasuka pakamwa galimoto ikawonongeka. Mkuluyu anati ketulo ya m'nkhani muno anaimatapo yekha ndi manja ake, choncho akudziwa chimene akunena. Ndikuipereka monga anandipatsira, ndangochotsamo malo amene ankatukwana dalaivala.

"Ketulo imeneyo mundipatse ndiikweche, apo ayi ikagone kukhola," anatero aNatsache ataima pakhomo la chipinda cha apongozi awo aamuna, chokwechera miphika chili m'manja.

"Kukhola kuli eni ake, apongozi," anayankha Agogo ali pabedi, ketulo ataikumbatira ngati mwana wodwala.

"Mawa kukubwera alendo, agogo. Anthu ophunzira. Alowa nyumba iliyonse. Akaona chinthu chimenecho adzati muno mumakhala anthu kapena mileme?"

"Akubwera kudzaona madzi. Ketulo yanga sinaitane munthu."

Dzina loti aNatsache mayiyu analipata chifukwa cha tsache. Ankasesa pabwalo katatu pa tsiku, moti nkhuku za anansi zinasiya kudutsapo chifukwa panalibe chotola. Miphika yake munthu ankatha kudziyang'anirapo pometa ndevu. M'nyumba monsemo chinthu chimodzi chokha ndicho chinamukanika, ketulo ya Agogo. Inagulidwa ndi malemu akazi awo zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, ndipo kuchokera tsikulo sopo sanaikhudzepo. Kunja inali yakuda bii. M'kati munali nkhoko yoyera, yolimba ngati mwala, yokhuthala ngati chala, moti ketulo ya makapu asanu ndi limodzi tsopano inkadzaza ndi makapu anayi. Agogo ankati kukoma kwa tiyi kumakhala mu nkhoko momwemo.

Mkangano uli m'kati, Mlonda, mwamuna wa aNatsache, analowa ndi njinga pabwalo, kumbuyo atamangirira zigubu ziwiri. Iyeyu ankalondera pageti la mgodi umene unali pamwamba pa mudziwo. Kuseri kwa mgodiwo kunali damu lotayiramo matope, ndipo kumunsi kwa damulo ndiye kunali chitsime chimene mudzi wonse unkamwa. Anthu anadandaula zaka zambiri kuti madzi akumveka chitsulo m'kamwa, mpaka boma linalonjeza kutumiza munthu wodzayeza.

"Bwana atsegula mpopi wa kuofesi," anatero Mlonda akumasula zingwe. "Ati sabata ino aliyense atunge."

"Mpopi uja umaulondera iwe ndi chibonga uja?" anafunsa Agogo ali m'chipinda.

"Womwewo, bambo."

"Zaka zisanu ndi zinayi uli wokhoma. Lero wagwidwa ndi chiyani?"

"Ati ndi chifundo."

"Chifundo chakecho chadziwa bwanji kuti mawa kukubwera alendo?"

ANatsache sanafune kumva zambiri. Mawu a Bwana Tayi, mkulu wa kampani amene ankavala tayi ngakhale kutenthe bwanji, anali akadali m'makutu mwawo. Pamsonkhano wa sabata yatha bwanayo anati, "Makolo anga, musadzichititse manyazi. Anthu a m'tauni akaona madzi ofiira m'ndowa salemba za chitsime, amalemba kuti amayi a kuno ndi auve." Kuchokera tsiku limenelo aNatsache anayesa zonse. Madzi a pachitsime anawasefa pansalu katatu, anawawiritsa, anawasiya kuti adikhe. Ankaonekabe ngati munthu watsukiramo msomali. Mlendo angamupatse zimenezo? Anakhuthula ndowa yomwera, naitsuka, nathiramo madzi a mumpopi. Ndipo poti chimene achita aNatsache amayi a mumzere wa nyumba umenewo ankachitanso, pofika madzulo nyumba zonse khumi ndi zinayi zinali ndi madzi oyera mbee.

Mwana wamkazi wa aNatsache, amene anali pakhomopo ndi khanda la miyezi isanu ndi iwiri poti mwamuna wake ankagwira ntchito kutali, anatungako pang'ono namwetsa mwanayo ndi supuni.

"Awa ndiye akumeza osakwinya nkhope," anatero.

Woyeza uja anafika m'mawa mwake. Anali mayi wamfupi wovala nsapato za mphira, atanyamula bokosi lozizira lodzaza ndi timabotolo, ndipo asanamalize nyumba yachiwiri anali atapatsidwa kale dzina loti aNamabotolo. Anayamba watunga yekha pachitsime, kenako n'kumalowa nyumba ndi nyumba, Bwana Tayi ali pambuyo pake akumwetulira.

"Ndikufuna madzi amene mumamwa tsiku ndi tsiku, mayi," anatero atafika kwa aNatsache. "Osasankha ayi."

"Ndi awa," anatero aNatsache akuvundukula ndowa monyadira.

ANamabotolo anavala magolovesi, natsukuluza kabotolo katatu ndi madzi omwewo.

"Ndowa yangayi ndi yoyera, mayi, musavutike."

"Sindikukayikira ndowa yanu, ndikukayikira botolo langa. Chimene ndikufunafuna ndi chochepa kwambiri. Mutaponya kanjere kamodzi ka mchere m'thanki ya madzi, makina athu angakuuzeni kuti muli mchere. Ndiye kafumbi kamodzi kakhoza kundinamiza."

"Mukufunafuna tizilombo?"

"Ayi. Chitsulo china chotchedwa yureniyamu, chomwe akukumba pamwambapa. Sichioneka, sichinunkha. Kusefa pansalu sichichoka, kuwiritsa ndiye kumangochiunjika. Munthu akamwa zaka zambiri chimawononga impso, makamaka ana."

Anadonthezamo madontho a asidi, natseka, nalembapo nambala. M'chipinda chotseka munamveka chifuwa cha Agogo ndi kulira kwa chivundikiro cha ketulo.

"Muli munthu umo?"

"Ndi mphaka," anatero aNatsache.

Tsiku lotsatira mpopi wa kuofesi unakhomedwanso. Mlonda yemweyo ndi amene anapatsidwa loko.

Patapita masabata atatu anthu anaitanidwa m'kalasi ya pasukulu, akuluakulu atapanikizana m'madesiki a ana. Panali munthu wa boma, aNamabotolo, ndi Bwana Tayi amene anapempha kuti awerenge yekha zotsatira.

"Nkhani ndi yabwino, makolo anga. Chitsime chapezeka ndi yureniyamu wopitirira muyeso kasanu. Zimenezo sitikukana, miyala ya kuno ndi yotero chilengedwere. Koma madzi akumwa a m'nyumba zonse khumi ndi zinayi ndi oyera ngati a m'sitolo. Kusonyeza kuti chitsimecho palibe amene amamwa, ndi chochapira basi. Ndiye zoti kampani ikukokereni mapaipi a madzi, zimene mumapempha zija, palibe chifukwa. Kampani, mwa chifundo chake, idzakhoma chikwangwani pachitsime cholembedwa kuti osamwa."

Munthu wa boma anakweza mutu. "Alipo amene ali ndi mawu?"

Amayi khumi ndi anayi anayang'ana pansi, kenako onse anayang'ana aNatsache. Ndani akanaimirira pamaso pa anthu ovala bwino n'kunena kuti tinakunamizani poopa kuoneka auve? M'mawa womwewo aNatsache anali ataphikira mdzukulu wawo phala ndi madzi a pachitsime.

Msonkhano utatha aNamabotolo anawatsatira kunyumba okha, popanda bwana. Anakhala pampando, nalandira kapu ya madzi, naiyang'ana pawindo, naiika pansi.

"Mayi, madzi akakhala m'ndowa yachitsulo amatengako zachitsulo, akakhala mumtsuko amatengako zadothi. Koma pansi pake amakhalabe ndi chizindikiro cha kumene anachokera. Nyumba khumi ndi zinayi zija madzi ake ndi amodzi. Ndipo ndi omwe anandipatsa kuofesi ya mgodi nditapempha akumwa. Amenewonso ndinathirako m'botolo."

ANatsache anakonza nsalu ya patebulo imene inali yokonza kale.

"Munali mlendo," anatero motsitsa mawu.

"Ndinali woyeza, mayi."

"Kwathu kuno woyeza sitinamuonepo. Mlendo ndiye timamudziwa." ANatsache analoza ndowa ija. "Tunganinso lero. Ndowa ndi iyo, mwaona nokha mtundu wake."

"Akanena kuti mwathiramo dala kuti mupeze mapaipi aulere. Pepala loyamba lija lasainidwa kale. Ndikufuna chinthu chimene munthu sangachikonze dzulo lake. Madzi akamawira amasiya nkhoko, ndipo chitsulo chija chimatsalira momwemo chaka ndi chaka. Kodi mulibe chiwiya chimene mwakhala mukuwiritsiramo madzi zaka zambiri osachikwecha?"

"M'nyumba mwanga muno?" ANatsache anaimirira. "Mayi, mwandilakwira. Funsani aliyense mumzere uno."

Pomwepo chitseko cha chipinda chinatseguka, Agogo natuluka ndi ketulo yawo m'manja kupita kukhitchini, poti nthawi ya tiyi inali itakwana.

"Mphaka uja ndi ameneyu," anatero Agogo podutsa. "Muli bwanji, amayi?"

ANamabotolo atasuzumira m'ketulomo anakhala ngati munthu amene waona mbale wake wotayika. Anafunsa zaka zake, anafunsa ngati inawiritsapo madzi ena osakhala a pachitsime, Agogo n'kumayankha mokondwa, poti zaka zonsezi palibe anaiyamikirapo. Chikondicho chinatha pamene anafunsa kuti akaiyeza bwanji.

"Tiyenera kuidula pakati."

"Apongozi, mlendoyu mwamupatsa madzi? Amwe azipita."

Mayiyo sanakakamize. Analemba papepala kumene kuli labotale yawo, napatsa aNatsache, nadutsanso m'nyumba zina kufunsa za maketulo akale. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa kwake, chifukwa mawu onenedwa m'nyumba khumi ndi zinayi safuna basi kuti akafike kuofesi.

Lachisanu kunabwera lole ya kampani yodzaza ndi maketulo atsopano onyezimira. Bweretsani yakale, tengani yatsopano. Anatenganso ndi miphika yowiritsira madzi yomwe. Amayi anavina. Pofika Loweruka madzulo mumzere monsemo munkangomveka malikhweru, poti maketulo atsopanowo ankaimba madzi akawira.

Mlonda anafika ndi yake m'bokosi, naiika patebulo, nakhala pansi osavula chipewa.

"Bwana akuti yatsala imodzi."

"Aidziwa bwanji?" anafunsa aNatsache.

"Ndinkawaseketsa nayo pageti. Zaka zonsezi akafuna kuseka amati, mdala uja ketulo yake yatsala makapu angati?" Anapukuta thukuta. "Ati Lolemba ndipite nayo. Ndikapanda kupita nayo ndisavutikenso kupita."

Agogo anali atatsegula kale bokosi lija. Anaitembenuza ketulo yatsopanoyo, nadziyang'anirapo mano, naliza chivundikiro.

"Akuti imaimba?"

"Imaimba, bambo. Simudzafunikanso kudzuka kukasuzumira."

"Nanga yangayo akaitani?"

"Akaisunga bwino."

"Osaidula?"

"Osaidula."

"Aa, ndiye bola amenewo," anatero Agogo. "Kaitenge, ili kunsi kwa bedi."

Mlonda ananyamuka, koma pakhomo la chipindacho anapeza pali munthu. ANatsache anali ataima pamenepo, tsache atalipingasa.

"Ketulo imeneyi situluka muno."

Bambo ndi mwana wake anayang'anana.

"Mayi," anatero Mlonda, "zaka makumi awiri mwakhala mukundisowetsa tulo kuti chinthu chimenechi chichoke. Munandiuza kuti ndikachiponye m'chimbudzi bambo ali kutchalitchi. Lero anthu akuchifuna, akutipatsanso chatsopano, ndiye mwaima pakhomo?"

"Ndaima."

"Apongozi, mwadwala?" anafunsa Agogo. "Ndi ketulo yanga ija. Yamileme ija."

"Ndikuidziwa, agogo. Ndi yonyansa, ndipo ndikaiona ndimamva kuyabwa thupi lonse. Koma m'mudzi muno chatsala chokhacho chimene sichinanamize mlendo. Enafe tonse tinanama, woyamba ine."

"Nanga ntchito yanga?" anatero Mlonda. "Tidzadya chikwangwani?"

"Inu mumamwa kuti masana mukakhala pageti?"

Mlonda anayang'ana kukhoma.

"Ndikufunsa, bambo. Mumamwa kuti?"

"Pampopi."

"Pampopi. Inu ndi bwana wanu impso zanu zili pabwino. Nanga uyu?" Analoza pakhonde pamene mwana wawo anakhala ndi khanda pamiyendo, kapu ndi supuni zili pambali. "Iwe, bwera naye kuno. Bweretsa ndi kapuyo."

Anatenga khandalo naliika pamiyendo pa Agogo, nawapatsa supuni m'manja.

"Mwetsani, agogo. Ndi a pachitsime. Bwana wati ndi ochapira, koma ena tilibe. Mwetsani, kenako muziimbitsa ketulo yanu yatsopano."

Khandalo linatsegula kukamwa poona supuni, monga linazolowera. Agogo anayang'ana madzi ofiirirawo, nayang'ana kakamwa kopanda mano kaja. Dzanja lawo linakhala m'malere nthawi yaitali. Kenako anathira madziwo pansi, pasimenti yokolopa kumene, ndipo kwa nthawi yoyamba aNatsache sanathamangire chikolopa.

"Akaidule," anatero Agogo. "Koma ketulo yanga siyenda yokha. Ndipita nayo."

"Ine Lolemba ndikanene chiyani?" anafunsa Mlonda ndi mawu ofooka.

ANatsache anaganiza pang'ono, nalowa kukhitchini, natuluka ndi ketulo yawo ya alendo, imene anaibisa lole itabwera poti inali yonyezimira kuposa zatsopanozo.

"Mukanene kuti akazi anu anaipeza mdala atagona, n'kuikwecha m'kati. Alipo m'dera lino amene angakane zimenezo?"

Tsiku la Sabata lonse anakhalira kuidetsa ketuloyo kunja ndi utsi wa matayala akale, akulira misozi imene ankati ndi ya utsi. Mlonda anaimenyetsa pamwala kawiri kuti iphwanyike m'mbali. Lolemba Bwana Tayi anaivundukula, naona m'kati muli mbee, naseka mpaka kugwira tayi. "Mkazi wako uja ndi wofunika mphotho," anatero.

M'mawa womwewo aNatsache ndi Agogo anali m'basi, ketulo yeniyeni itakulungidwa m'thawulo ngati khanda. Mayi wina wokhala nawo pampando anafunsa kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi. Agogo anati ndi wamkazi, zaka makumi awiri ndi zitatu.

Kulabotale aNatsache anakumana ndi zimene sanaziyembekezere. Anavala diresi yawo yochapa ndi kusita kawiri, koma pakhomo anawauza kuti avale chovala choyera pamwamba pake, aphimbe tsitsi, aphimbe ndi nsapato zomwe.

"N'chifukwa chiyani?"

"Kuti musadetse m'kati, mayi," anatero aNamabotolo.

"Ine?"

"Aliyense. Pondani apa kaye."

Pansi panali chopondera chomata ngati ulimbo. ANatsache anapondapo, ndipo atachotsa phazi panatsala chidindo chakuda cha nsapato yawo, chooneka bwinobwino. Agogo anawerama kuchiyang'anitsitsa.

"Apongozi, kodi kwanu mumasesa?"

M'katimo munalibe fumbi ngakhale pamwamba pa chitseko, poti aNatsache anapitsapo chala kuti aone. Munalibe nsalu za pawindo, munalibe maluwa, mphepo yozizira inkangotsika kuchokera kudenga. Anafunsa kuti amakolopa ndi chiyani, ndipo atauzidwa kuti ngakhale madzi okolopera amayamba ayezedwa, anayamba kuyenda monyang'ama ngati munthu wolowa m'tchalitchi cha eni.

Ketulo anaidulira m'chipinda china, Agogo atatembenukira kukhoma. Itagawika pakati, nkhoko ija inaoneka kuti si chinthu chimodzi. Inali mizeremizere yopyapyala, yosanjikizana ngati masamba a buku lonyowa.

"Wapansi uwu ndi wa chaka chimene munaigula," anatero aNamabotolo. "Wapamwamba uwu ndi tiyi wanu wa dzulo. Tipala mzere uliwonse pawokha, tiusungunula mu asidi, kenako tipatsa makina awo."

Makinawo anali ngati bokosi lalikulu loyera, kukula kwake ngati filiji yogoneka. Kachubu kopyapyala kankayamwa madzi m'kabotolo.

"M'katimo muli moto wotentha kuposa ng'anjo iliyonse. Kadontho kakalowamo kamaphwanyika mpaka kutsala tizidutswa tosaoneka. Tsono chitsulo chilichonse tizidutswa take tili ndi kulemera kwake. Makinawa amatisiyanitsa potengera kulemerako, monga mmene mumapetera, zopepuka uko, zolemera uku, n'kumatiwerenga kamodzikamodzi. Yureniyamu ndi wolemera kwambiri, sabisala."

"Ndiye ndi lichero chabe," anatero aNatsache.

"Lichero lodula kuposa sukulu yanu ija. Koma vuto lilipo limodzi. Mizere ndikuiona, chaka chenicheni cha mzere uliwonse ndiye sindingalumbire. Bwana wanu akanena kuti chitsulocho chinalimo kale mgodi usanabwere."

Agogo, amene tsopano anali atalimba mtima n'kuyandikira, analoza ndi chala chophimbidwa ndi golovesi. Chapakati pa nkhokoyo, pafupi ndi mlomo wa ketulo, panali kamzere kotuwa.

"Apa ndi pamene inadontha. Ndinapita nayo kwa wokhoma ndowa kuti aimate ndi mtovu. Tsiku lake sindingaliiwale. Ali m'kati momata, kumgodi anaphulitsa mwala koyamba, iye n'kudzidzimuka, n'kudziwotcha chala. Anandilipiritsa kawiri, ya ketulo ndi ya chala."

ANamabotolo anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Agogo, mtovu makinawa amauwerenganso."

Patatha masiku khumi anthu anapanikizananso m'madesiki aja. Bwana Tayi anayamba ndi mawu ake akale, oti miyala ya kuno ndi yotero chilengedwere, ndipo chitsime ndi chochapira. ANamabotolo anaika theka la ketulo patebulo la aphunzitsi, napachika pepala pabolodi. Papepalapo panali mzere wosonyeza kuchuluka kwa yureniyamu m'nkhoko ija, woyenda chogona, wotsika, kwa zaka khumi ndi zinayi. Kenako panali kachizindikiro ka mtovu wa mmisiri. Kuchokera pamenepo mzerewo unkakwera ngati njira ya kumgodi.

"Ketulo imeneyo ndi yabodza," anatero Bwana Tayi. "Yeniyeni ili kuofesi kwanga. Ndi yoyera m'kati, anaikwecha mayi awo."

ANatsache anadzikoka m'desiki movutikira, naimirira.

"Ili kuofesi kwanuyo ndi yanga, bwana, ya alendo, ndipo ndikuifuna. Iyi ndi ya apongozi anga. Yawiritsa madzi a pachitsime kawiri pa tsiku, m'nyumba mwanga, zaka zonsezi, ndipo sinatsukidwepo." Anatembenukira kwa munthu wa boma. "Lembani choncho, a boma. Lembani kuti m'nyumba mwa aNatsache munali chiwiya chosatsuka. Madzi amene tinapatsa mayiwa anali a mumpopi wa bwanayu. Anatitsegulira masiku awiri, ife n'kuthira m'ndowa poopa manyazi."

"Ifenso," anatero mayi wina kumbuyo. Kenako wina, kenako mzere wonse.

Munthu wa boma anayang'ana Mlonda, amene anaima pakhomo ndi yunifolomu yake. "Mpopiwo amakhoma ndani?"

Mlonda anayang'ana bwana wake, nayang'ana mkazi wake, naona kuti mwa awiriwo amene adzagone naye nyumba imodzi ndi uti. Anatulutsa kiyi m'thumba naika patebulo pambali pa ketulo.

Mmisiri uja anati boma linalamula pomwepo kuti chitsime chitsekedwe, mpopi wa kuofesi ukhale wotsegula, ndipo kampani ikoke mapaipi mpaka mumzere. Mlonda anachotsedwa pageti, koma anthu anamusankha kuti aziyang'anira mpopi watsopano, ntchito yomweyo ya kale kungoti tsopano yotsegula. Agogo anabwezeredwa theka la ketulo yawo, theka linalo linatsala kulabotale ndi nambala yake. ANatsache analiika pashelefu ya pabalaza, pakati pa makapu a alendo, ndipo amalipukuta fumbi kunja kokha. Tiyi wa m'ketulo yoimba ija Agogo akuti amamveka ngati madzi osamba, ndipo alamula kuti isatsukidwe mpaka khanda lija lidzakwatiwe.

Apa ndi pamene mmisiriyo anandionetsa chipsera pachala chake chachikulu. Chipseracho sindikuchitsutsa, ngakhale sindinaonepo wokhoma ndowa wopanda chipsera. Zoti makina angawerenge zaka m'nkhoko ya ketulo ndikhoza kuvomera, poti ndaona zambiri zimene sukulu yanga yochepayi sinandikonzekeretse. Ngakhale zoti aNatsache anaona madzi atatayika pasimenti osatenga chikolopa, ndingazilole. Chimene ndikukayika ndi mapaipi. Iye anati anafika m'miyezi iwiri. Ine ndagonapo m'midzi yambiri ya kunsi kwa migodi, ndipo chimene ndachiona chikufika msanga ndi chikwangwani. Ndinamufunsa ngati iye mwini anamwapo pampopi watsopanowo. Anayang'ana kumsewu, nati basi ija yalira, tiyeni tikakwere.